Wojomba Amira

Mungayende maiko onse, mukwere ndege, mutsike sitima, mulowe matchalitchi a magalasi ndi a malata omwe, simudzapeza kwaya yofika pa nthawi yake. Anthu a kwaya ndi mtundu umodzi padziko lonse lapansi. Sopulano amafika mochedwa, besi amafika nyimbo yomaliza ikutha, n'kufunsanso kuti bwanji mwayamba msanga. Mafiriji ankazidziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Anayamba kuphunzitsa kwaya ya mpingo wawo tsitsi lili bii, ndipo tsopano linali litachita mbuu. Masana ankakonza mafiriji a anthu, moti anthu ankangomuitana Mafiriji, dzina lake lenileni linangotsala pa chiphaso.

Chaka chimenecho Abusa anamusenzetsa katundu woposa msinkhu. Mvula inali itasokonekera mutu. Inkachedwa mpaka makosi kuwawa ndi kuyang'ana kumwamba, ndiye ikati ibwere, inkabwera yonse pakamodzi ngati wina wagubuduza mgolo. Kutentha nako kunali kosanena. Mafiriji a anthu ankafa ngati nkhuku za chitopa, ndipo mkonziyo ankachita manyazi kuti ntchito yake ikuyenda bwino chifukwa dziko likudwala. Kenako mtsinje unasefukira n'kukokolola dera lonse la kumunsi kwa tauni. Abusa anati mpingo sungakhale chete. Ulaliki anthu amasinza nawo, anatero, choncho mutipangire sewero la nyimbo, la nkhani ya chigumula ija, koma lonena za masiku ano, anthu amve kuti dzikoli Mulungu anatipatsa kuti tilisamale ndipo ife talitentha.

Mafiriji anapeka nyimbozo ali chigwadire kuseri kwa mafiriji, sipanala ili m'manja. Ndipo kuti anthu asamuseweretse, anakwera pa benchi n'kuika lamulo limodzi lokha: wobwera ku pulakatisi akwera chingalawa, wojomba amira.

Anthu anaseka, koma lamulolo linali ndi nzeru zake. Nyimbo za m'chingalawa zinali zovuta, za mawu anayi opiringizana ngati mawaya, zofuna munthu wobwera mlungu ndi mlungu. Omira anali ndi nyimbo imodzi, yaifupi, yoti ngakhale wobwera mwa apo ndi apo aigwira: "Tinadula, tinatentha, tinachimwa, madzi awa tinaitana tokha." Ndipo lamulolo linaluma. Mwini famase yogulitsa mankhwala, munthu wathupi amene chiyambire ankangotulukira pa Lamlungu, anayamba kufika woyamba atamva kuti m'sewerolo njovu ya m'chingalawa ndi iyeyo.

Koma panali munthu mmodzi amene Mafiriji ankamudikira ndi diso la m'mbali: asisi ake. Ndiwo anamulera makolo atamwalira. Ndiwo anamuphunzitsa kuimba, iwo akuchapa iye akutsukuluza, ndipo aluto yonse ya kwayayo inkatsamira pa mawu awo ngati denga pa mzati. Nyumba yomwe anamulereramo inali kumunsi kuja, ndipo madzi anaitenga ndi maziko omwe. Tsopano ankakhala ndi anzawo ambirimbiri mu shedi ya kampani ina yotsekedwa, tsidya la mtsinje. Mafiriji anawapempha kuti adzakhale kwa iye, m'chipinda cha kuseri kwa shopu, iwo anakana. Ndiye iye, ndi kutopa ndi mantha, anatulutsa mawu aja amatuluka okha: ndinakuuzani kalekale kuti muchokeko kumeneko. Chinenereni zimenezo, pakati pawo panangotsala moni. Malo okhawo amene ankapumabe mpweya umodzi anali kwaya. Ndipo asisiwo ankajomba.

Lachinayi lina, tsiku la sewero litayandikira, anayeserera chigumula chonse, ndi zovala zomwe. Kalipentala, amene ankasewera mwini chingalawa chifukwa ndevu anali nazo kale, anali atakhoma chingalawa cha matabwa opyapyala chofika theka la holo, cha chitseko chenicheni cha mahinjesi. Mayi Telala anabweretsa madzi: nsalu yabuluu yaitali, yolumikiza zidutswa, yoti anthu awiri azigwedeza uku ndi uku. Mu holo munkatentha ngati mu uvuni. Fani imodzi inkazungulira mwaulesi, kungosuntha fungo la thukuta kuchoka ku sopulano kupita ku besi.

"Nyama lowani," anatero Mafiriji ali pa kiyibodi. "Njovu, chitamba chikhale kutsogolo. Si mchira umenewo."

"A Mafiriji, muno mulibe mpweya," mawu a mwini famase anamveka mkati mwa njovu. "Ndikakomoka, mankhwala ali m'galimoto."

"Mukakomoka tidzati njovu yagona. Chitseko chitsekedwe. Omira, gonani pansi. Madzi abwere."

Nsalu inawaphimba. Mafiriji anaomba manotsi oyamba, ndipo nyimbo ya omira inatuluka pansi pa nsalu, yotsika, yolemera, yokoma kuposa mmene anaiganizira poipeka. Anatseka maso. Kwa kanthawi anaiwala msana, anaiwala kompuresa ya firiji ya ku butchala yomwe inkamudikira ku shopu. Anamva munthu atamuima pambali. Anali Mayi Telala, mapini ali pakamwa.

"Inu mumangoyang'ana pakamwa pa anthu," anatero atachotsa mapiniwo. "Tayang'anani mapazi."

Anayang'ana. Kunsi kwa chingalawa, pampata wa pakati pa matabwa ndi simenti, kunkaoneka nsapato zopolisha, za zidendene zazitali, zamasewera zoyera mbee. Kumapeto kwa nsalu yabuluu kunali mzere wa masilipasi achikasu, onse ofanana, aja anagawidwa ku shedi madzi ataphwa. Panalibe nsapato ina pakati pawo, ngakhale imodzi.

Manja ake anapitiriza kuimba okha, poti manja a munthu wa kiyibodi safunsa mutu. Palibe amene anakonza zimenezi, ndipo n'chimene chinamufooketsa kwambiri. Iye ankangoona amene wabwera ndi amene sanabwere. Pansi pa nsalu ankamva aluto ya asisi ake, yosalala, yopanda cholakwa, ikuuza holo yonse kuti madzi anaitana okha.

Pulakatisi itatha, asisiwo anathandiza kupinda nsalu, ngodya ndi ngodya, mmene ankapindira zofunda kunyumba. Podutsa pa kiyibodi anaima.

"Mzime," anatero, poti kwa iwo anali akadali mwana wotsiriza uja, "usade nkhawa, pa tsikulo ndidzamira bwinobwino. Ndikadzamira, yunifolomu ndidzasiya kwa a Telala. Kwaya ndalekera pomwepo."

Sanadikire yankho. Masilipasi awo anamveka phyaphyaphya mpaka pakhomo.

M'mawa mwake Mafiriji sanatsegule shopu. Kupita ku shedi kunali ulendo ndithu. Mlatho unapita ndi madzi, ndiye munthu ankakwera basi yozungulira mpaka pomwe msewu unathera, n'kuwoloka pa matabwa oyalidwa pa matope, n'kuyendanso padzuwa pakati pa maziko a nyumba zopanda makoma. Anafika malaya atamatira kumsana. Mkati mwa shedi anthu anali atadula zipinda ndi zingwe, nsalu ndi makatoni. Malata ankalira ndi kutentha. Anawapeza asisi ake atakhala pa kreti, akusoka chogwirira cha chikwama.

"Wabwera kudzakonza firiji? Tilibe."

"Ndabwera kudzakuuzani kuti mukwera chingalawa, asisi. Mukhala mkazi wa mwini chingalawa."

"Wandevu uja? Ndinakana amuna ooneka bwino kuposa ameneyo." Anadula ulusi ndi mano. "Nanga lamulo?"

"Lamulo ndi langa."

"Eya, ndi lako. Ndiye ukweza mlongo wako yekha, enawa amire. Ukufuna ndizidzayenda bwanji muno? Azidzandiloza kuti uyo, mkazi wa m'chingalawa, anapulumuka chifukwa mchimwene wake amaimba kiyibodi."

Mafiriji anakhala pansi pa simenti, poti kreti inali imodzi.

"Bwanji mumajomba?"

"Galimoto ya madzi imabwera Lachinayi madzulo, nthawi ya pulakatisi yakoyo. Ukachoka pamzere, mlungu wonse umwa malovu. Tikabwera kumeneko ndiye kuti tapeza wotisungira malo, ndipo wosungayo amafuna theka la chidebe."

"Simunandiuze."

"Unafunsa? Iwe umangofunsa kuti aluto ili kuti."

Kuseri kwa katoni wina ankakhosomola, wina ankakalipira mwana. Asisi anabaya singano, n'kuisiya chibayire.

"Kugona pansi pa nsalu si nkhani, Mzime. Tinagona malo oipa kuposa pamenepo. Koma mawu aja. Ndinadula mtengo uti ine? Tinali nawo umodzi, wa pakhomo uja unkagwamo iwe, ndipo ndi umene ndinaukakamira madzi atabwera. Galimoto ndilibe. Utsi wanga wonse ndi wa kambaula kamodzi. Sindikuti ndine mngelo ayi, pamaso pa Mulungu machimo ndili nawo odzaza dengu. Koma awa si anga. Ndipo amene anawachita sindikuwadziwa n'komwe, ena ali maiko akutali, mwina akugona pa mphepo ya makina."

"Nanga mumaimbiranji?"

Analoza ndi chibwano. Chapatali mayi wina wowonda ankaluka mwana tsitsi. Mafiriji anamuzindikira: Mayi Saluni, wa aluto nayenso, amene saluni yake inapita ndi magalasi omwe.

"Tinali naye pamtengo paja. Nsalu ikatiphimba amayamba kunjenjemera, mano gwegwegwe. Ndikaimba pafupi ndi khutu lake amakhazikika. Wakana kusiya, akuti anthu angati waopa nsalu. Ndiye ndimaimba. Sewero likadzatha, iye sadzagonanso pamenepo, inenso ntchito yanga idzatha."

Mafiriji anafuna kunena za mawu ake aja, a ndinakuuzani kalekale, koma sanawatchule. Anangoti, "Chabwino, asisi," n'kunyamuka. Mawondo analira.

Lamlungu mapemphero atatha anasonkhanitsa akuluakulu a sewero mu ofesi ya Abusa, kachipinda kodzaza mipando yothyoka yomwe aliyense ankati ikonzedwa. Anafotokoza za mapazi. Anati asinthane: a m'chingalawa atsike, a ku shedi akwere.

"Njovu ndinaisoka pa thupi la bambo awa," anatero Mayi Telala. "Mukaikamo munthu wa ku shedi adzasochera mkatimo."

"Ine sindinajombepo," anatero mwini famase, ndipo sanali kuseka. "Lachinayi lililonse ndimatseka famase dzuwa likadalipo, odwala akugogoda. Munanena nokha pa benchi. Ndimire chifukwa chiyani?"

Munthuyo sankanama.

"Akwere onse basi," anatero Abusa.

"Chingalawa chija ndi matabwa opyapyala, Abusa," anayankha Kalipentala. "Chimalowa amene chimalowa. Mukawonjezera, chigumula chidzachitikira mkati."

Abusa anavula magalasi n'kutikita maso. Anali atalalikira kawiri tsikulo, kolala itanyowa. "Alendo taitana kale, tsiku silisuntha. Bwanji mungosintha mawu a nyimboyo?"

"Mawu ndisintha. Mapazi anthu adzawaonabe. Komanso a ku shedi nyimbo za m'chingalawa sazidziwa."

"Aphunzitseni."

"Sabwera."

Aliyense anayang'ana mpando wothyoka wake. Mafiriji sanamve nzeru iliyonse ikutsika kumwamba. Anangomva kutopa, kuja kwa munthu amene wayesa mawaya onse n'kutsala ndi imodzi.

"Pulakatisi tizikachitira ku shedi," anatero. "Kuyambira Lachinayi lino."

"Kutsidya?" anafunsa mwini famase. "Galimoto yochokera kuno sifika kumeneko."

"Sifika."

"Nanga lamulo lija?"

"Silinasinthe."

Ndipo apa m'pamene munthu umadziwira kwaya. Lachinayi lisanafike foni ya Mafiriji inadzaza ndi matenda. Wina mutu, wina mwana watentha thupi, wina apongozi afika mwadzidzidzi. Mkango unadwala m'mimba. Mkazi wa mwini chingalawa, mayi wa sopulano wa nsapato zazitali, anati dokotala anamuletsa fumbi. Amene anawoloka matabwa aja anali owerengeka: Mayi Telala ndi nsalu yawo pamutu, atsikana awiri a sopulano, tena mmodzi, ndi Kalipentala, amene poona kuti chingalawa sichingawoloke anamasula chitseko chokha n'kuchisenza ulendo wonse. Pambuyo penipeni panabwera mwini famase, nsapato zitasanduka matope, njovu ili m'thumba, akupuma ngati wathamangitsidwa.

"Musandilankhule," anatero. "Ndabwera. Mundione kuti ndabwera."

Mafiriji anali atanyamula kiyibodi pamapewa, n'kukapeza kuti ku shedi kulibe magetsi. Anaitsamiritsa pakhoma. Anayeserera panja, mumthunzi wa khomalo, pafupi ndi mzere wa zidebe zomwe zinkasungira eni ake malo. Anapereka notsi ndi pakamwa. A ku shedi anabwera onse, poti panalibe kojombera, ndipo anayamba kuphunzira nyimbo za m'chingalawa mzere ndi mzere. Zinkatuluka zokhotakhota. Asisi ake anaima kumbuyo, manja atapinda, milomo ili chitsekere. Aluto inasochera kamodzi, inasocheranso, kachitatu inakagwera mu tena. Asisiwo anatsonya, n'kulowa, ndipo aluto yonse inawongoka ngati chingwe chokokedwa.

"Tiyese chigumula," anatero Mafiriji.

Kalipentala anajambula chingalawa padothi ndi chidendene, n'kuimika chitseko, atachigwira kumbali kuti chisagwe. Onse obwera analowa mkati mwa mzerewo. M'sewerolo wotseka chitseko anali mkazi wa mwini chingalawa, ndipo popeza mwini malowo anali ataletsedwa fumbi, anthu anawakankhira asisi kutsogolo. Iwo anayang'ana uku ndi uku, anaona kuti anzawo onse ali mkati, n'kugwira chitsekocho.

"Omira gonani pansi," anatero Mafiriji mwachizolowezi.

Palibe anasuntha.

"Omira ajomba, a Mafiriji," anatero Mayi Telala. "Amira bwanji poti kulibe?"

Anthu anaseka, Mayi Saluni nawo anaseka atagwira pakamwa. Mafiriji anayang'ana mwini famase.

"Ayi," anatero munthuyo. "Ine ndabwera."

Ana a mu shedi anali ataunjikana poonerera, ndipo kwa mwana nsalu yaitali yogwedezeka ndi masewera basi. Wina analowa pansi pake, anzake anamutsatira, gulu lonse, akukankhana ndi kuseka. Atsikana a sopulano aja anagwira nsalu uku ndi uku n'kuyamba kuigwedeza. Mafiriji anati bola, angoyesera malo. Anakweza dzanja kuti apereke notsi, koma anawo sanaidikire. Nyimboyo ankaidziwa, anaimva amayi awo akuing'ung'udza pochapa. Timawu tating'ono tinatuluka pansi pa nsalu yabuluu, tosangalala, tothamanga: tinadula, tinatentha, tinachimwa.

Kuseka kunatha. Mkati mwa mzere munali amayi a anawo.

"Tsekani, asisi," anatero Mafiriji chapansipansi, chifukwa nyimbo inali itafika pamalo potsekera.

Asisi anali chigwirire chitseko. Anachikoka pang'ono, mahinjesi analira, n'kuchisiya.

"Tulukani umo," anatero. Anawo anapitiriza kuimba. "Ndati tulukani. Nonse. Iwe wa kabudula wofiira, ndikukuona mapazi. Lowani uku."

Anatuluka akudandaula kuti masewera awonongeka, n'kudutsa pachitseko mmodzimmodzi, pansi pa mkono wa asisi. Mzere wa padothi unafufutika ndi mapazi. Nsalu inagwa n'kugona yokha, yopanda kanthu pansi pake.

"Changa chija sichingalowe anthu onsewa," anatero Kalipentala. "Ndanena kale."

"Nanga chigumula chopanda womira," anafunsa mwini famase, chitamba chili m'manja, "sewero litha bwanji?"

Onse anayang'ana Mafiriji. Iye anayang'ana nsalu. M'mutu mwake munalibe nyimbo ngakhale imodzi, munali phokoso lokha ngati la firiji yakale. Masiku anali atatha, alendo anali ataitanidwa, theka la kwaya linali kunyumba likudwala matenda a Lachinayi, ndipo Abusa ankayembekeza chigumula.

"Sindikudziwa," anatero.

Hutala inalira kumsewu. Galimoto ya madzi inali itafika, ndipo chingalawa chonse chinabalalika, aliyense ku chidebe chake. Kalipentala anatsala yekha atagwira chitseko pakati pa bwalo. Mafiriji anakhala pa kreti pafupi ndi kiyibodi yake, msana ukuwawa, akuganiza za ulendo wobwerera nayo pamapewa.

Patapita nthawi asisi anadutsa ndi zidebe ziwiri zodzaza. Anatula chimodzi patsogolo pake.

"Lachinayi ubwere msanga, galimoto isanafike. Komanso aluto ya nyimbo yachiwiri ija waikweza kwambiri, tikukhosomola nayo."

"Ndiye mudzabwera?"

"Ndidzabwera kuti? Ndimakhala kuno."

"Ndikunena za yunifolomu, asisi."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, mmene ankamuyang'anira kale akabwera ndi malaya ong'ambika.

"Ndiisunga kaye. Koma chitseko sinditseka, Mzime, kaya kuno kaya ku holo, ndipo pansi pa nsalu sipagona munthu. Upeze mathero ena."

"Ndilibe."

"Upeze. Si iwe wopeka? Nyamula chidebe icho, usatayire."

Mafiriji anaimirira pang'onopang'ono, anagwira chidebecho ndi manja awiri, n'kuwatsatira kulowa mu shedi.